Chipinda Chopanda Mpweya

Pamene Inspekitala amafika, mtembo anali atautulutsa kale. Anaugoneka m'khonde la labotale, pansi pa zenera, atauphimba ndi nsalu yoyera ya patebulo imene inachapidwira phwando. Nsapato zokha ndi zimene zinkaonekera, zakuda, zopolishidwa bwino, nsapato za munthu amene m'mawa umenewo anadzuka akudziwa kuti maso a anthu akhala pa iye.

"Ndi a Pulofesa amenewo, bwana," anatero Sajeni, mayi wamfupi amene sankataya nthawi ndi moni. "Lero linali tsiku lowatsanzika, amapuma pantchito. Holo uko yadzaza. Ophunzira awo akale abwera kuchokera kumayiko akutali, ena ndi imvi zawo. Eni phwando ndiye apezeka ali gone kunsi uku."

"Kunsi kuti?"

Sajeni anamutsogolera kumapeto kwa khonde. Kunali chitseko chachitsulo, ndipo kuseri kwake masitepe ankatsikira m'kachipinda kopanda zenera. Fani yapakhoma inkalira ngati chigayo. Ozimitsa moto anali atanena kuti tsopano munthu angathe kulowa, komabe Inspekitala anatsika akupuma mosamala ngati wolowa m'manda.

M'katimo munali firiji yaitali, ndi mashelefu odzaza timabotolo tagalasi totsekedwa ndi moto kukamwa kwake. M'timabotolo tina munali timiyala tofiira tonga shuga. Pakona panaima thanki yaikulu yonyezimira, ya mateyala, paipi yake itagwera pansi.

"Akuti ndi ngozi," anatero Sajeni. "Mu thankimu munali mpweya wotchedwa agoni, wozizira mpaka kusanduka madzi. Amaugwiritsa ntchito poteteza mankhwala awo. Sununkha, suoneka, si poizoni. Koma ndi wolemera. Ukatayika umakhazikika pansi ngati madzi m'chitsime, n'kuthamangitsa mpweya umene timapumawu. Munthu umangotsika, kupuma kawiri katatu, basi wagwa. Winanso ali kuchipatala, wokonza makina wa pano. Amamutcha Sipanala. Analowa kuti awanyamule, nayenso n'kugwa pamasitepe. Mwayi wake anagwera chakumtunda, anthu anamukoka ndi lamba."

Inspekitala ananjuta. Pamene paipi inakhudza simenti, penti inali itang'ambikang'ambika ngati matope a chilimwe. Chapafupi panali abuluzi awiri atagona chagada, atauma gwa.

"Mpopi wa thankiyi anaupeza bwanji?"

"Wotsegula mpaka kumapeto. Thanki ili gwa, mulibe kanthu."

"Mpopi wotha ntchito umadontha, Sajeni. Sudzipotokola wokha mpaka kumapeto." Anaimirira, mawondo akulira. "Makiyi a chitseko ichi ali ndi ndani?"

"Anthu atatu. Malemuwa, Sipanala, ndi wachiwiri wawo."

*

Wachiwiri wa a Pulofesa anali mayi wa zaka za m'ma fifite, wowongoka ngati mzati, atavala suti yabuluu yosokedwa bwino. Onse pasukulupo ankamutcha Chisamba, chifukwa ndiye anali wophunzira woyamba amene a Pulofesa anamulera mpaka kukhala dokotala wa sayansi. Anamulandira Inspekitala mu ofesi ya malemu. Maso ake anali ofiira, koma mawu ake sanagwedezeke.

Pakhoma panatsamira chithunzi chachikulu chimene chinali chisanapachikidwe: mtengo wojambulidwa ndi penti, nthambi iliyonse ili ndi nkhope ya munthu.

"Inali mphatso yawo ya lero," anatero Chisamba. "Thunthu ndi iwowo. Nthambi ndi ife amene anatiphunzitsa. Timphukira ndi amene taphunzitsa ifeyo. Mukapita kulikonse kumene anthu amafufuza za zitsulo ndi kaboni, mukapeza mdzukulu wawo."

"Mundikhululukire, mayi, ine sayansi inandikana ndili fomu thu. Ntchito yawo inali yotani kwenikweni?"

"Ankakwatitsa zinthu zosakwatirana. Chitsulo ndi cha m'nthaka, kaboni ndi wa zamoyo. Mukazilumikiza mumapeza mankhwala amene amagwira ntchito ya mkhalapakati. Amakumanitsa zinthu ziwiri kuti zipange chinthu chatsopano, iwo osatha. Mafakitale a mankhwala a m'chipatala amadalira amkhalapakati otere. Vuto linali lakuti wabwino kwambiri amachokera ku chitsulo chosowa, chodula kuposa golide, chotchedwa paladiyamu. A Pulofesa anaonetsa dziko kuti ayironi, chitsulo wamba cha misomali ndi makasu, chingathe kugwira ntchito yomweyo. Timiyala tofiira mwationa kunsi kuja ndi timeneto. Anatipanga m'labotale yodontha denga, pamene anzawo a kumayiko olemera ankawaseka. Pepala limene analemba za timiyalato lili m'mabuku a ophunzira kulikonse."

"Nanga m'mawa uno zinayenda bwanji?"

"Ankayenera kulankhula kuholo nthawi ya tiyi itangotha. Sanabwere. Ine, mwana wawo wamkazi ndi Sipanala tinapita kukawafuna. Tinkadziwa kokawapeza. Lolemba lililonse m'mawa ankatsikira kunsi kuja kukaona timiyala tawo, ngati mlimi woyendera munda. Titafika, alamu yochenjeza za mpweya inali ikulira. Ndinawaona ali pansi. Ndinamuletsa Sipanala kuti asalowe, koma sanamve."

"Alamu inkalira, a Pulofesa osaimva?"

"Anali ogontha, Inspekitala. Kachipangizo kawo kam'khutu ankakasiya m'thumba. Ankati anthu amalankhula zopanda pake zambiri."

"Inuyo munalowa liti komaliza m'chipinda chija?"

"Sabata yatha, Lachinayi. Loweruka ndi Lamlungu ndinali kunyumba, kukonza za alendo."

Kenako Chisamba anatsitsa mawu. "Sindifuna kumuipitsira dzina munthu amene ali pabedi. Sipanala ndi wamtima wabwino. Koma thanki ija anaidzaza ndi iyeyo Lachisanu madzulo, ndipo Lachisanu madzulo maganizo ake amakhala ali kale kumowa. Ndinawachenjeza a Pulofesa kangapo."

Pamene mayiyo ankaimirira kuti amuperekeze, Inspekitala anaona kuti akutsimphina. Pansi pa suti yokongolayo, phazi lamanja linali lokulungidwa ndi bandeji, litalowetsedwa mu patapata.

"Mwavulala, mayi?"

"Ketulo. Ndinadzithira madzi otentha dzulo. Manja anga achuluka ntchito masiku ano."

*

Sipanala anali chigonere m'wodi ya abambo, kapaipi kali m'mphuno, chipumi chili ndi chotupa ngati dzira. Ataona yunifolomu ya Sajeni anayesa kudzuka.

"Gonani, bambo," anatero Inspekitala. "Mutu uli bwanji?"

"Ngati mwalowa amisiri a malata, bwana. Mdala uja wapitadi? Anamwino akungondizemba."

"Apita."

Sipanala anatembenukira kukhoma. Mapewa ake anagwedezeka kwa kanthawi. Kenako anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndikudziwa chimene mwadzera. Akuti ndi ine, eti? Akuti chidakwa chinasiya mpopi. Bwana, ine ndimamwa, sindikana, mkazi wanga angakuuzeni ndi ma deti omwe. Koma thanki ija ndimaiopa kuposa apongozi anga. Lachisanu ndinaitseka, ndinamangirira paipi m'mwamba pa mbedza yake, fani ndinaisiya ikulira. Fani ija sizima, usana ndi usiku. Mdala ankati tsiku limene idzazime, m'chipinda muja mudzakhala manda."

"Ikazima imazimira kuti?"

"Pa bokosi la magetsi, kuseri kwa ofesi ya a Chisamba. Switchi imodzi, fani ndi alamu pamodzi. Ndinadandaula kalekale kuti azisiyanitse, koma pasukulu paja kudandaula n'kuimbira gonthi."

"Ndiye m'mawa uno, mutamva alamu ikulira, munaloweranji? Inu wodziwa bwino zimenezi?"

Sipanala anatembenuka msangamsanga mpaka kapaipi kanachoka m'mphuno.

"Alamu iti?"

"Sinkalira?"

"Bwana, alamu ija ikalira ngakhale akufa amadzuka. Ikanalira ine sindikanaponda sitepe ngakhale imodzi, ndili ndi ana asanu. Kunali zii! Ine nditaona mdala ali chafufumimba, ndinati ndi mtima. Aliyense ankadziwa kuti mtima wawo unali wa mapiritsi. Mwana wawo nayenso anakuwa kuti, 'Mtima wa adadi!' Ndiye ndinathamanga."

"A Chisamba anatani?"

Sipanala anatseka maso, akukumbukira.

"Anandigwira malaya. Ee, anandigwira, batani linaduka. Anati, 'Osalowa, mulibe mpweya!' Ine ndinawakutumula." Anatsegula maso pang'onopang'ono, n'kuyang'ana Inspekitala. "Koma bwana, tinali tisanatsike n'komwe. Chitseko chinali chitangotseguka kumene. Iwowo anadziwa bwanji kuti mulibe mpweya?"

*

Atabwerera kusukulu, Inspekitala anatuma Sajeni kuti akacheze ndi alonda a pageti. Iye analunjika kuholo. Kudzera pazenera anaona anthu ovala bwino atakhala m'magulumagulu, ena akulira, ena akujambulana ndi mafoni mwakachetechete. Phwando linali litasanduka maliro, koma palibe amene ankafuna kuyamba kuchoka.

Panja, pansi pa chikwangwani choletsa kusuta, panaima nkhalamba yowonda ikusuta. Ameneyu anali pulofesa wina wa dipatimenti yomweyo, amene ophunzira anamupatsa dzina loti Tsabola.

"Mwabwera kudzandimanga?" anatero asanapatsidwe moni. "Mukafunsa m'holomo akuuzani kuti ine ndi malemuwa sitinkamwerana madzi. N'zoona. Zaka makumi atatu takhala tikutukwanana m'misonkhano. Lero ndatsala ndekha, ndilibenso wotukwana naye wanzeru. Otsalawa ndi mbuzi za madigiri."

"Munkalimbirana chiyani?"

"Timiyala take tofiira. Ine ndinayesa kutipanga m'labu mwanga, motsatira pepala lake liwu ndi liwu. Timiyala tinatuluka, tofiira bwinobwino, tokongola. Koma ntchito? Ng'o! Tinkangokhala m'botolo ngati mchenga. Anthu enanso kunja analephera chimodzimodzi. Ena zinkawayendera mwa apo ndi apo, makamaka akalandira timiyala topangidwa konkuno. Ndiye kunabuka nthano yoti pamafunika manja odala. Manja a ndani? A Chisamba. Iyeyo akapanga, zimayenda. Ine ndinati sayansi si ufiti, ilibe manja odala. Anandiyankha kuti ndi nsanje."

"Sinali nsanje?"

"Inali nsanje, inde! Koma wansanje nayenso amaona." Anataya ndudu n'kuiponda. "Tamverani. Chaka chathachi mdala uja anasiya kuyenda m'misonkhano. Anabwerera pabenchi yekha, munthu wa manja onjenjemera, kutsuka yekha mabotolo, osalola wophunzira aliyense kumuthandiza. Galu wamkota sakandira pachabe. Mwezi watha tinakumana pamasitepe apa. Sanandilonjere, sankandilonjera. Anangoti, 'Tsabola, tsiku lotsanzikana nane usajombe. Ukhale kutsogolo. Udzasangalala, galu iwe.' Ndiye ndabwera, ndavala ndi tayi yemwe."

Anatulutsa ndudu ina, koma machesi anakana kuyaka m'zala zake.

"Mukuganiza kuti ankafuna kunena chiyani?"

"Ine ndimayeza zinthu, sindilosera. Kafunseni mwana wake. Ndi yekhayo amene mdala uja ankalankhula naye ngati munthu."

*

Mwana wa a Pulofesa anali atakhala pabenchi m'khonde muja, pamalo pamene panagona bambo ake. Galimoto ya kumotchale inali itapita ndi mtembo. Anali mphunzitsi wa ana aang'ono, mayi wooneka wotopa, atafumbata magalasi a malemu m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, chemwali," anatero Inspekitala, n'kukhala kumapeto kwa benchi.

"Zikomo. Onse akupepesa a Chisamba. Inu ndinu wachitatu kupepesa ine." Anamwetulira mowawa. "Sindikuwadandaula. Ine ndine wobadwa m'nyumba, koma wachisamba anali iwowo. Ndili mwana ndinkagona pa mipando ya labu muno kudikira kuti adadi amalize. Amayi ankati ali pamitala ndi chitsulo."

"Bambo anu ankafuna kunena chiyani lero?"

Mayiyo anatembenuza magalasi aja kangapo.

"Amayi atamwalira ndinabwerera kunyumba kuti ndiziwasamala. Ndiye ankandiuza zinthu patebulo, poti panalibenso wina. Zambiri sindinkazimva. Koma tsiku lina anabwera osadya, anangokhala. Ndinati, 'Adadi, mwadwala?' Iwo anati, 'Mwanawe, ndamanga nyumba pa chulu cha chiswe.' Anati apanga timiyala tija ndi manja awo, ndi ziwiya zatsopano, mobwerezabwereza, ndipo sitigwira ntchito. Kenako anatenga timiyala takale, ta m'masiku oyambirira, n'kutitumiza kokapimitsa kumakina amphamvu. Anapezamo chitsulo chodula chija."

"Paladiyamu?"

"Chomwecho. Kochepa kwambiri, ngati kambewu kamodzi ka mchere mu ndowa. Koma ndi kamene kankagwira ntchito yonse. Ayironi wawo ankangoperekeza. Ndipo anati sikanagweremo mwangozi, chifukwa kanali mu botolo lililonse lopangidwa ndi munthu mmodzi, muyezo wofanana."

"A Chisamba ankadziwa kuti atulukira?"

"Anawaitana kunyumba Loweruka masana. Anakhala pakhonde, ine ndinali kukhitchini, zenera lili lotsegula. Poti adadi anali ogontha, ankalankhula mokweza, simukanachitira mwina koma kumva. Anati, 'Lolemba ndikauza anthu onse kuti pepala lija lichotsedwe.' A Chisamba anagwada, bambo. Mayi wamkulu ngati uja, kugwada pasimenti. Ankati, 'Ganizirani ana anu. Madigiri awo, ntchito zawo, zonse zaima pa timiyala timeneti.' Adadi anati, 'N'chifukwa chake ndikuyenera kunena ndili moyo. Akumanga pamwamba pa bodza, ndipo ena akuphunzitsa ana a eni.' Atapita a Chisamba, adadi anandiuza kuti sakatchula dzina la munthu. Anati akanena kuti kulakwa n'kwawo, poti dzina loyamba papepala ndi lawo. Anati, 'Anali mwana, ndipo ine ndinkafuna kwambiri kuti zitheke. Mwana amaona chimene bambo ake akufuna.'"

Inspekitala anadikira kuti apukute misozi.

"Funso lomaliza, chemwali. M'mawa uno, chitseko chitatseguka, munamva chiyani?"

"Palibe. Kunali chete. Ndikukumbuka chifukwa ndinkamva mtima wanga ukugunda. Sipanala atagwa, ine ndinayamba kukuwa. A Chisamba anati akukaitana anthu, anathamanga chotsimphina kulowera ku ofesi kwawo. Ndiye mwadzidzidzi fani inayamba kulira, alamu nayonso. Ndinachita kutseka makutu."

Anasiya kutembenuza magalasi aja. Anamuyang'ana Inspekitala nthawi yaitali, nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono ngati thambo la mvula.

"Bambo," anatero motsitsa, "mukundifunsiranji zimenezi?"

Kumapeto kwa khonde Sajeni anali akubwera mwandawala, atanyamula jumbo yakuda.

*

Anamupeza Chisamba m'labu yaikulu, yekha, manja onse atawalowetsa m'magolovesi aatali a bokosi lagalasi mmene amasungira mankhwala oopa mpweya. Sankagwira kanthu. Anangoima choncho, akuyang'ana kabotolo ka timiyala tofiira kamene kanali m'katimo.

"Mayi, munati Lamlungu munali kunyumba," anatero Inspekitala.

"Ndinatero."

"Mlonda wa pageti akuti galimoto yanu inalowa dzulo masana, anthu akuweruka kutchalitchi. Akuti potuluka munayendetsa ngati wophunzira, ndipo simunamubwezere moni, chinthu chimene simunachitepo."

"Ndinabwera kudzaona ngati mipando yafika kuholo. Ndinaiwala kukuuzani."

Sajeni anatsegula jumbo n'kuika nsapato imodzi pabenchi. Inali yachikazi, yakumanja, yachikopa chabwino. Pamwamba pake chikopa chinali chitasweka ngati chigoba cha dzira.

"Inali mu bini ya zinyalala za mankhwala, kuseri kwa ofesi yanu," anatero Sajeni. "Bini imene amakatentha osaitsegula."

"Madzi a mu ketulo saswa chikopa chonchi," anatero Inspekitala. "Koma kunsi kuja ndaona penti itasweka chimodzimodzi, pamene panagwera madzi ozizira a mu thanki. Dokotala akamasula bandejiyo atiuza ngati phazilo linapsa ndi moto kapena ndi chisanu. Koma si nsapato imene yandibweretsa, mayi. Inu munandiuza kuti alamu inkalira. Anthu awiri akuti kunali zii. Aliyense poona nkhalamba ya mtima wofooka ili pansi anaganiza za mtima. Inu nokha ndi amene munadziwa kuti m'chipindamo mulibe mpweya. Munamugwira Sipanala malaya chifukwa simunkafuna kupha awiri. Ndiye masana ano mwafuna kuti yemweyo akasenze mlandu wanu."

Chisamba anatulutsa manja m'magolovesi aja pang'onopang'ono. Magolovesi anatsala ali tuu m'mwamba, otupa ndi mpweya wa m'bokosi, ngati manja a munthu wopempha.

Anakhala pa kampando. Atayamba kulankhula, mawu ake anali omwe aja, odekha, a mphunzitsi.

"Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Tinali titayesa zaka zitatu, osaphula kanthu. Otithandiza anali atanena kuti labu itsekedwa. M'mawa uliwonse ankabwera pabenchi panga, n'kufunsa, 'Mwana wanga, lero bwanji?' Ine n'kumati, 'Sizinatheke.' Ankangogwedeza mutu, n'kuchoka atawerama. Tsiku lina ndinathiramo kadontho. Ndinkangofuna kuona nkhope yawo ikuwala kamodzi kokha. Anavina, Inspekitala. Munthu wamkulu, anavina pakati pa labu ino atanyamula botolo. Ndikanawauza liti? Mawa lake anali ataimbira kale anzawo kunja."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi ndakhala ndikufunafuna njira yoti ayironi agwiredi ntchitoyo payekha, kuti bodza lisanduke zoona. Ndinatsala pang'ono. Ndikanapatsidwa zaka zina ziwiri..." Anapukusa mutu. "Mwawaona anthu ali m'holomo? Muli amene anachokera m'mabanja osauka ngati langa. Lero ndi mapulofesa, akulu a mafakitale. Mawu amodzi a mdala uja akanawasandutsa choseketsa. Ndipo iwo eni, dzina lawo, zaka zawo zonse. Sanamve ululu. Ndinasankha njira yosapweteka. Anapita akadali munthu wamkulu."

"Mukudziwa kuti sakanakutchulani? Anauza mwana wawo kuti akasenza okha."

"Ndikudziwa. Anandiuza pondiperekeza ku galimoto." Anayang'ana kabotolo ka m'bokosi muja. "Anandigwira phewa, n'kunena kuti, 'Usaope, ndakukhululukira.' Mukuganiza kuti chimenecho n'chopepuka kunyamula?"

Sajeni anatulutsa unyolo. Inspekitala anamuletsa ndi maso. Munthu wa phazi limodzi sakanathawira kulikonse.

Njira yopita ku galimoto inkadutsa pakhomo la holo. Ankayenda pang'onopang'ono, patapata ikukhwekhwereza pasimenti, Chisamba ali pakati pawo mutu uli chilili. Zitseko za holo zinali zotsegula. Wina anali atangomaliza kulankhula za ukulu wa malemu, za timiyala tofiira timene tinasintha mabuku, ndipo anthu ankaomba m'manja mwaulemu.

Kenako maikolofoni inalira, ndipo panamveka mawu a munthu wosazolowera kulankhula ndi akuluakulu.

"Ine si wasayansi. Ndimaphunzitsa ana kuwerenga. Ndine mwana wa malemuwa, kwa amene simundidziwa. Adadi anakuitanani lero kuti akuuzeni chinthu china, ndipo sanafike. Ndikuuzani ine mmene ndinamvera, mundikonze pamene ndalakwitsa mawu."

Chisamba anaima. Zala zake zinakanirira pa mkono wa Inspekitala.

"Muletseni," ananong'ona. "Chonde, bambo, muletseni. Sakudziwa chimene akuchita."

"Ine ndimagwira opha anthu, mayi. Zoletsa ana amasiye kulankhula si ntchito yanga."

M'holomo mwana wa a Pulofesa ankapitiriza, akupunthwa pa mawu ovuta, koma osabwerera m'mbuyo. Anatchula ayironi. Anatchula chitsulo chodula chija, dzina lake n'kulilakwitsa, ndipo mawu a nkhalamba ina kutsogolo anamukonza mofatsa. Palibe amene anatsokomola. Mpando umodzi unakhwekhwerezeka, kenako wina. Bambo wina wa imvi amene anakhala pafupi ndi khomo anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mtsikana amene anali pambali pake, wophunzira wake mwina, ankamuyang'ana akudikira kuti amuuze kuti si zoona.

Ndiye mmodzi anatembenuka n'kuona amene anaima pakhomo pakati pa apolisi awiri. Anagunda mnzake. Mitu inayamba kutembenuka mzere ndi mzere, mpaka holo yonse inali ikuyang'ana kukhomo, anthu amene Chisamba anawaphunzitsa kugwira botolo, amene anawalembera makalata a ntchito, amene ankamutcha mayi.

Chisamba anayamba kugwa. Inspekitala anamugwira kukhwapa asanafike pansi, Sajeni anagwira mbali inayo. Anali wopepuka modabwitsa.

"Tiyeni, mayi," anatero Inspekitala. "Galimoto ili pafupi."

Anamunyamula choncho mpaka panja, mapazi ake akungokhudza pansi mwa apo ndi apo. Kumbuyo kwawo mawu a mwana wamasiye uja ankamvekabe, akumalizitsa zimene bambo ake anadzera.